Kuchoka pa Chitakale mpaka ku Comic Con: mmene mungakonzere ulendowu

Nditawauza amayi kuti ndikupita ku Joni kwa sabata imodzi yokha, adandiyang'ana nthawi yaitali asanayankhe. Kwathu kuno munthu akati Joni ndiye kuti akukasaka maganyu, ndipo ambiri amabwerako patapita zaka, ena kutchona kumene. "Nanga sabata imodziyo ukukatani, mwanawe?" Ndidati ndikukaona anthu ovala ngati zilombo za m'mafilimu. Amayi adangoti, "Zilombo zatha kuno?" n'kupitiriza kusongola nandolo wawo.

Chibwerereni, anyamata ndi atsikana angapo a ku Mulanje kuno ndi ku Thyolo akhala akundifunsa kuti ndidayenda bwanji. Ndaona kuti ndingolemba kamodzi. Zambiri zimene ndilembe si za m'holo ya msonkhano wa Comic Con umene ndidapitako ayi, koma za miyezi imene musananyamuke, chifukwa ulendowu umakoma kapena kuwonongeka mukadali konkuno.

Dziwani kaye kumene mukupita

Msonkhano wa mtunduwu ndi chikhamu cha anthu okonda nkhani zopeka: za m'mlengalenga, za maloboti, za dziko la m'tsogolo, za afiti ndi zinjoka, za anthu amphamvu zodabwitsa a m'mabuku azithunzi. Mumakhala ogulitsa mabuku ndi zidole, ojambula, olemba, ochita mafilimu, mipikisano ya masewera a pakompyuta, ndi anthu masauzande ovala ngati anthu a m'nkhani zimene amazikonda. Kuvala kumeneku amakutcha cosplay. Amene mudapitako ku Mulhako pa Chonde mukudziwa mmene khamu limakhalira likachuluka. Kumeneko onjezanipo denga, magetsi ndi phokoso la zokuzira mawu mbali zonse.

Wotchuka kwambiri ndi wa ku San Diego ku America, umene udayamba mu 1970 ndipo umachitika mu Julayi. Kumafika anthu oposa 130,000 ndipo matikiti ake amatha miyezi yambiri msonkhano usanafike. Palinso Worldcon, umene udayamba mu 1939 ku New York. Uwu ndi wa okonda mabuku makamaka, umasintha mzinda chaka ndi chaka (mu 2024 udali ku Glasgow), ndipo n'kumene amaperekera mphoto za Hugo, zimene mamembala ake amavotera okha. Iwiri yonseyi imafuna viza ndi ndalama ya ndege imene ambirife tikhoza kumangira nyumba ya malata.

Ndiye ine ndikuti yambani ndi Comic Con Africa ku Johannesburg. Udayamba mu 2018 ku Kyalami, ndipo kuyambira 2022 wakhala ukuchitikira ku Johannesburg Expo Centre ku Nasrec, pafupi ndi Soweto, moyandikana ndi bwalo la FNB lija adaseweramo ndime yomaliza ya World Cup ya 2010. Umatenga masiku anayi. Zaka zambiri wakhala chakumapeto kwa Seputembala, koma mu 2025 udachitika kumapeto kwa Ogasiti, choncho masiku ake muziwaona kwa eni ake chaka chimene mukufuna kupitacho musanalipire chilichonse. Ulipo wina ku Cape Town cha kumapeto kwa Epulo kapena kumayambiriro kwa Meyi, koma kuchokera kuno ndiye kuwonjezera ulendo pa ulendo unzake.

Pasipoti, chinthu choyamba

Musagule kanthu pasipoti isanakhale m'manja. Ngati mulibe, yambani kuitsata ku ofesi ya Immigration ku Blantyre kukadali miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposera. Ngati muli nayo, itsekuleni lero lomwe muone zinthu ziwiri: tsiku lothera ndi masamba otsala. Dziko la South Africa limafuna kuti pasipoti ikhale ikugwirabe ntchito masiku 30 kupitirira tsiku limene mudzatuluke, komanso ikhale ndi masamba osadindidwa. Wa pabasi afunika masamba ochulukirapo, chifukwa adzadutsa malire atatu popita ndi atatu pobwerera, ndipo pamalire aliwonse amadinda mbali zonse ziwiri.

Mmalawi safunika viza polowa mu South Africa ngati akukacheza masiku osapitirira 30. Koma akakudindirani, musangotseka pasipoti n'kuthamangira basi. Werengani tsiku limene alemba kuti mutuluke, popeza limenelo ndi limene limagwira ntchito, osati limene inu mukuganiza. Mukapitirira tsikulo amakuletsani kulowanso dzikolo kwa chaka chimodzi, ndipo mukapitirira ndi masiku oposa 30 chiletsocho chimafika zaka zisanu.

Sindikizani papepala tikiti ya msonkhano, tikiti yobwererera, ndi adiresi ya kumene mukafikire. Wa pamalire akafunsa chimene mukukachita, mapepala atatuwo amayankha bwino kuposa pakamwa panu. Ine nditafotokoza za anthu ovala ngati maloboti adandiyang'ana ngati ndapenga, koma ataona mapepala adadinda.

Ndalama

Apa ndiye pali nkhani. Kusunga makwacha pansi pa pilo chaka chathunthu n'kudzinamiza. Tonse tikukumbukira Novembala 2023 pamene kwacha idagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene ankasungira ulendo wakunja adadzuka ndalama yawo itafupika. Nzeru yake ndi yoti ndalama ikangokwana chinthu chimodzi, chigulireni pomwepo. Ikakwana ya tikiti ya msonkhano, gulani. Ikakwana ya basi, lipirani. Ine ndidalowa chipereganyu ndi anzanga a kuntchito n'kupempha kuti mwezi wanga ukhale umene matikiti amayamba kugulitsidwa.

Matikiti a msonkhano amagulidwa pa intaneti, ndiye pamafunika khadi ya kubanki ya Visa kapena Mastercard yololedwa kulipira kunja.  Pitani kubanki kwanu msanga mukafunse ngati khadi yanu ikhoza kulipira kunja komanso malire a ndalama imene imalola, chifukwa ndalama zakunja zikavuta malirewo amatsika. Marandi mukawapemphe kubanki kapena kumalo ovomerezeka osinthira ndalama, mutatenga pasipoti ndi tikiti ya ulendo, ndipo risiti muisunge. Khadi yanu ikakana, m'bale amene ali ku Joni akhoza kukugulirani tikiti inu n'kuwapatsa a kwawo makwacha kuno. Ingoonetsetsani kuti tikitiyo yalembedwa dzina lanu ndipo yafika pa imelo yanu.

Matikiti alipo a tsiku limodzi ndi a masiku onse. Munthu wochokera kutali ngati ife asagule wa tsiku limodzi. Simungayende masiku awiri pamsewu kuti mukaone zinthu maola asanu ndi atatu. Loweruka ndi tsiku lodzaza kwambiri ndipo matikiti ake ndi amene amayamba kutha. Dziwaninso kuti tikiti yolowera ndi yolowera basi. Kujambulitsa ndi munthu wotchuka wa m'mafilimu kapena kuti akusainireni chithunzi amalipiritsa padera, ndipo si ndalama yochepa.

Pa bajeti yanu muikepo ndalama ina imene simudzaikhudza kufikira tsiku lobwerera. Isokereni m'thumba lamkati ngati mmene agogo amachitira ndi ya feteleza.

Chovala

Palibe lamulo loti muvale mwapadera. Ambiri amalowa ndi jinzi ndi tisheti, ndipo palibe amene amawafunsa. Koma ine ndikuti valani, ngakhale tsiku limodzi, chifukwa chovala ndi chimene chimachititsa kuti anthu osakudziwani akuyambeni kulankhula. Wovala wamba amakhala woonerera mpaka tsiku lomaliza.

Funso ndi loti muvale ngati ndani. Mukasankha munthu wa m'filimu yotchuka, dziwani kuti mukapeza anzanu makumi angapo ovala chimodzimodzi, ena atagula chovala chopangidwa kufakitale chimene telala wa pa Limbuli sangachifikire ngakhale atasoka usiku wonse. Mukangokhala wa nambala makumi anayi pamzere. Pamene ife tili ndi phiri pakhomo lodzaza ndi nkhani zimene kumeneko sanazimvepo. Tili ndi Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002 imene dzina lake lokha ndi chenjezo. Tili ndi nkhani ya chakudya chimene munthu amachipeza m'phiri chitakonzedwa kale, choti adye yekha osaitana mnzake. Tili ndi Akafula, anthu aafupi aja ankafunsa mlendo kuti "Mwandionera pati?" ndipo wofuna moyo ankayankha kuti wawaonera kutali. Ine ndidavala ngati mlonda wa m'phiri wa zaka mazana atatu zikubwerazi: chikhoti cha nsalu yotuwa ngati chiperoni, dengu lothyolera tiyi kumsana litamatidwa timagetsi ta tochi, ndi chigoba cha katoni kumaso. Anthu ankandiimitsa kufunsa kuti ndi filimu iti. Ndinkati si filimu, ndi kwathu, ndipo macheza ankayambira pamenepo.

Zinthu ziwiri ndikuchenjezeni. Gule Wamkulu si chovala chosewerera. Ngakhale mutaona kuti chikhoza kukopa makamera, chili ndi eni ake ndi mwambo wake, ndipo zithunzi za kumeneko zimafika kuno pa Facebook tsiku lomwelo. Chachiwiri ndi Napolo. Ndi nkhani yamphamvu, ndipo chinjoka chotsika m'phiri ndi miyala ndi madzi chikhoza kukhala chovala chochititsa chidwi. Koma kuno Napolo si nthano ya ana. Anthu a ku Phalombe akukumbukira 1991, ndipo tonse tidaona zimene namondwe wa Freddy adachita mu Malichi 2023. Ngati musankha Napolo, konzekani kufotokoza mbali imeneyonso, osangoseka pa kamera.

Kapangidwe kake n'kosavuta ngati muyamba msanga. Jambulani chimene mukufuna papepala, kutsogolo ndi kumbuyo. Nsalu, malamba, nsapato za jombo ndi magolovesi mukazisake pa kaunjika tsiku la msika. Nthawi zambiri n'kosavuta kusintha chikhoti chakale kusiyana ndi kusoka chatsopano. Pitani ndi pepala lija kwa telala ndipo mukhale naye pansi. Wanga adaliyang'ana n'kufunsa kuti, "Achimwene, ndi ya kwaya iti imeneyi?" Musamusiyire n'kuchoka. Telala amasoka zimene adazolowera, ndiye mukapanda kubwerabwera mudzapeza wakusokerani suti ya ukwati. Zolimba monga zisoti ndi zotchinga pachifuwa pangani ndi katoni, siponji ya matiresi akale, guluu ndi penti. Zikhale zoti zikhoza kuphwasulidwa n'kugonekedwa m'chikwama, chifukwa pansi pa basi katundu amapanikizana ndi matumba a ufa ndi mpunga.

Zida zenizeni saloleza. Chikwanje, mpeni, nthungo yachitsulo, legeni, zonsezi zimathera pakhomo, ngati sizidathere kale pamalire. Chida chilichonse chikhale cha katoni, siponji kapena pulasitiki wopepuka, ndipo werengani malamulo a eni msonkhano pa nkhani ya zida musanayambe kupanga. Musaseme kanthu ndi mkungudza. Mtengowu watsala pang'ono kutha m'phirimu, ndipo kuyambira 2019 uli pa mndandanda wa CITES, pangano la mayiko loteteza zomera ndi nyama, wa zinthu zimene sizidutsa malire popanda chilolezo.

Chovala chikatha, chivaleni kunyumba maola anayi osavula. Khalani pampando, kwerani masitepe, yesani kumwa madzi, pitani kuchimbudzi. Ana a pamudzi akusekani, palibe kanthu. Ine sindidachite zimenezi, ndipo ndidazindikira ndili kale m'holo kuti ndi dengu lija kumsana sindikanatha kukhala pampando uliwonse. Zokambirana ziwiri ndidazimvera nditaima kumbuyo ngati mlonda weniweni.

Msewu

Kuchokera ku Mulanje kapena ku Thyolo, kwerani minibasi ya ku Limbe dzulo lake ndipo mukagone ku Blantyre. Musadalire kunyamuka m'mawa wa tsiku la ulendo. Minibasi ikaima pa Luchenza kapena pa Bvumbwe kudikira kuti idzaze, basi ya ku Joni sikudikirani.

Ndege yochokera ku Chileka kupita ku bwalo la ndege la OR Tambo ku Joni imatenga maola awiri ndi pang'ono. Ngati thumba likulola, kwerani imeneyo. Ambirife ndi a basi. Imadutsa pa Mwanza kulowa Mozambique pa Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kudutsa Harare, mpaka pa Beitbridge, kenako Johannesburg. Ndi ulendo woposa tsiku lathunthu, ndipo pa Beitbridge pokha mukhoza kukhalapo maola ambiri. Choncho konzani zoti mukafike kukadali tsiku limodzi lathunthu msonkhano usanayambe, loti mugone, muchape, ndi kumata zimene zamatuka m'njira.

M'chikwama cha m'manja muikemo pasipoti, mapepala aja, cholembera, juzi, madzi, mankhwala amene mumamwa, ndi kamba wosavunda msanga monga mtedza wokazinga, chigumu kapena mbatata yootcha. Zinanazi ndi mapeyala zisiyeni; zipatso zaziwisi zimavuta pamalire. Ngati mukufuna mphatso ya kumene mukafikire ndi ya anzanu atsopano, tengani mapaketi a tiyi wa kwathu konkuno. Ndi wopepuka, saphwanyika, ndipo amakupatsani poyambira kufotokoza kumene mwachokera.

Kanthu kakang'ono kamene ambiri amaiwala: mapulagi. Athu ndi a mano atatu a makona, pamene a ku South Africa ndi a mano ozungulira. Tchaja yanu sikalowa pakhoma popanda adaputa. Nthawi yokha ndiye ndi imodzi, wotchi musaisinthe.

Pofikira

Pafupifupi aliyense kuno ali ndi m'bale ku Joni, ndipo kufikira kwa m'bale kumapulumutsa ndalama. Koma Joni si Chitakale. Funsani dzina la dera limene amakhala, mulione pa mapu a pafoni, muone kutalika kwake ndi Nasrec. Atsibweni anga adati, "Ndi pafupi, mphwanga, usadandaule," ndipo pafupi pakepo padali maulendo awiri a minibasi. Muwauzenso poyera kuti mudzikachoka m'mawa n'kubwera usiku, kuti asakaone ngati mwawanyoza. Tsiku limodzi mulipatule loti mukhale nawo, mudye nawo nsima ndi kuwauza za kumudzi.

Ngati mubwereka chipinda, gwirizanani anthu awiri kapena atatu. Gulani simu khadi ya komweko. Amalembetsa ndi pasipoti. Ikani Uber kapena Bolt, mapulogalamu oitanira takisi, pafoni, chifukwa kukwera minibasi mutavala chisoti cha katoni ndi chinthu chimene simudzafuna kuchibwereza. Pa Park Station, siteshoni yaikulu ya mabasi ndi sitima, ndi m'misewu ya m'tauni foni ikhale m'thumba, chikwama kutsogolo, ndipo wokuthandizani kunyamula katundu amene simudamuitane mumukane mwaulemu. Pasipoti iziyenda nanu m'kathumba ka mkati mwa malaya, fotokope yake itsale kunyumba, chithunzi chake chikhale pa imelo.

Mzindawu uli pamtunda, mamita oposa 1,700, ndipo nyengo imeneyo mpweya wake ndi wouma. M'mawa kumazizira, masana dzuwa limawotcha. Ife ozolowera chinyezi cha m'minda ya tiyi milomo imang'aluka tsiku lachiwiri. Tengani Vaseline.

Tsiku lenileni

Usiku wake tsekulani ndondomeko ya zochitika. Muona kuti zinthu zambiri zimachitika nthawi imodzi m'malo osiyana, ndipo mtima ufuna zonse. Sankhani zitatu zokha pa tsiku zimene simungalole kuziphonya, mulembe nthawi ndi malo ake papepala, zotsalazo muzisiyire mwayi. Amene amathamangira chilichonse amathera tsiku lonse m'makonde.

Fikani zitseko zisanatsekulidwe. Tikiti ikhale pafoni ndi papepala pomwe, poti pamene pali khamu netiweki imafooka. Mukangolowa musayambe kugula. Yendani kaye malo onse kamodzi, manja ali m'thumba, muone kumene kuli zimbudzi, madzi, chakudya, achipatala ndi zipata zotulukira. Ngati muli ndi anzanu, gwirizanani malo amodzi ndi nthawi yokumanirana mukasowana.

Anthu a misonkhano imeneyi ali ndi lamulo lawo limene amalitcha 6-2-1: kugona maola 6, kudya chakudya chenicheni kawiri, kusamba kamodzi, tsiku lililonse. Likumveka ngati la ana a sukulu ya mkaka, koma mukalowa m'chipinda chodzaza anthu ovala siponji kuyambira m'mawa mudzamvetsa chifukwa chake nambala yomalizayo ilipo. Chakudya cha mkati n'chodula ndipo mizere yake imatalika masana, choncho idyani mokwanira musananyamuke ndipo nkhomaliro muidye msanga kapena mochedwa. Nsapato zikhale zimene mudaziyendera kale. Botolo la madzi, batire yapadera ya foni, singano, ulusi, mapini ndi guluu zikhale m'kachikwama.

Mizere ndi gawo la msonkhano. Pa zokambirana za munthu wotchuka, kafoleni nthawi ikadalipo. Ndipo musaone mzere ngati chilango, popeza anzanga onse amene ndimalemberana nawo mpaka lero ndidawapeza pamzere. Funsani woyandikana naye kuti chovala chake adapanga bwanji. Palibe wa cosplay amene amakana funso limenelo.

Pa zithunzi pali mwambo wolimba: pemphani kaye. Munthu kuvala modabwitsa sikutanthauza kuti walola kujambulidwa kapena kugwidwa. Osakhudza chovala cha munthu, osamukoleka dzanja paphewa asanavomere, osajambula amene akudya kapena wakhala pansi kupuma, ndipo mwana musamujambule kholo lake lisanalole. Achimwene anga, apa ndikunena inu makamaka: zovala zina za atsikana kumeneko n'zoti kuno zikhoza kuimitsa msika. Si nkhani yanu. Mluzu ndi ndemanga za pa depoti zimatulutsitsa munthu panja, tikiti yake n'kupita pachabe. Inunso muli ndi ufulu wokana kujambulidwa, ndipo wina akakuvutitsani kauzeni ogwira ntchito pamalopo.

Pa zokambirana, ikafika nthawi ya mafunso, funsani funso limodzi lalifupi. Ife tidazolowera kuyamba ndi kuthokoza a mfumu, a komiti ndi onse amene alipo. Kumeneko maikolofoni amakulandani musanafike pa funso.

Kumene ndalama yanu ipite

Mukandifunsa ine, malo ofunika kwambiri m'holo yonse ndi kumene kumakhala matebulo a ojambula ndi olemba odzigulitsira okha ntchito zawo, kumene amakutcha Artist Alley. Zidole za mafilimu akuluakulu mukhoza kuzipeza kwina kulikonse. Koma kabuku kazithunzi kolembedwa ndi mnyamata wa ku Soweto kapena mtsikana wa ku Harare, kosindikizidwa ndi ndalama ya m'thumba mwake, mukakasiya pamenepo simudzakaonanso. Ndipo mwini wake ali pomwepo, mukhoza kumufunsa kuti amajambulira chiyani, amasindikiza kuti, adayamba bwanji. Ine ndalama imene ndikadajambulitsira ndi munthu wotchuka kwa masekondi ochepa ndidagulira timabuku totere, ndipo pano tatha ntchito m'manja mwa ana a pasukulu ya pafupi ndi kwathu.

Ngati inu mumalemba kapena kujambula, tengani zitsanzo zochepa zosindikizidwa bwino ndi timapepala tolembapo dzina lanu, nambala ya WhatsApp ndi imelo. Musamuunjikire munthu mulu wa mapepala ali pakati pogulitsa. Dikirani pamene patebulo palibe anthu, mugule kanthu kakang'ono, kenako mupemphe ngati angaone tsamba limodzi kapena awiri. Funsaninso za African Speculative Fiction Society, bungwe la olemba nkhani zoterezi a mu Africa muno, limene lakhala likupereka mphoto za Nommo kuyambira 2017.

Zogula zazikulu zidikire tsiku lomaliza, pamene mwaona zonse ndipo mukudziwa ndalama imene yatsala. Kokha kanthu kamene kalipo kamodzi ndiko kogula pomwepo. Zithunzi za papepala muzipinde mozungulira n'kuzilowetsa m'paipi ya pulasitiki, apo ayi zikafika pa Tete zili ngati zokulungira mandasi.

Kubwerera

Musakwere basi usiku womwewo msonkhano watha. Gonani, mawa lake mulongedze bwinobwino. Malisiti a zimene mwagula akhale pamodzi poti pa Mwanza a MRA akhoza kuwafuna. Abale a ku Joni adzakupatsani katundu woti mukapereke kumudzi. Landirani yekhayo amene mwamutsekula n'kumuona ndi maso anu, ndipo mukane msanga ngati akuposa kilo zimene basi imalola.

Ambiri amabwerako ndi chimfine chifukwa chopumirana m'khamu masiku anayi, ndiye ngati mumagwira ntchito pemphani tsiku limodzi lowonjezera loti mupume. Amene mudapatsana nawo manambala alembereni sabata yomweyo akadakukumbukirani, ndipo muwatumizire chithunzi cha phiri kuti akhulupirire zimene munkawauza zija.

Chovala musachisiye m'chikwama. Chinyezi cha kuno chimaumbitsa nkhungu pa katoni ndi siponji m'masabata ochepa. Chiyanikeni padzuwa, muchotse mabatire m'timagetsi, muchikulunge m'pulasitiki n'kuchipachika pamwamba pomwe makoswe safika. Dengu langa lokha silidapachikidwe. Amayi adamatula timagetsi tonse n'kupatsa adzukulu, ndipo pano amasungiramo chimanga cha nkhuku.